Munthu amene amalowa m'bwalo zinthu zitavuta: mlandu wa Ray Guy

Mnzanga amene timagona chipinda chimodzi, yemwe akuphunzira za uinjiniya, anandipeza usiku wina ndikuonera pa foni kanema wakale wa munthu akumenya mpira m'mwamba. Anaima kumbuyo kwanga kwa kanthawi, kenako n'kufunsa ngati munthuyo wagoletsa. Ndinamuuza kuti ayi, ndipo kugoletsa sinali ntchito yake. Iye ankalowa m'bwalo kukapereka mpira kwa adani. Mnzangayo anaseka mpaka kugwira nthiti. Anati tsopano wamvetsa chimene ndinasankhira maphunziro a mbiri yakale ndi filosofi: ndimakonda anthu amene ntchito yawo ndi kugonja mwaulemu.

Ndinaseka naye, koma mawuwo sanandichoke mumtima. Munthu wa m'kanemayo anali Ray Guy, yemwe anasewera mpira wa ku America mu timu ya Raiders kuyambira 1973 mpaka 1986. Odziwa masewerawa ambiri amavomereza kuti pa malo amene ankasewera panalibe womuposa m'nthawi yake. Komabe nyumba yosunga ulemu wa akatswiri a masewerawa, Pro Football Hall of Fame ya ku Canton m'chigawo cha Ohio, inadzamulandira mu 2014, patatha zaka pafupifupi 28 chisiyireni kusewera. Ine ndikuti kumeneko kunali kulakwa, ndipo sikunali kulakwa kwangozi. Kunachokera m'kaganizidwe koti ntchito yeniyeni ndi yokhayo imene imaoneka pa bolodi la zigoli. Kaganizidwe kameneka ndakamva m'kalasi, ndakamva kunyumba, ndipo usiku uja ndinakamva kumbuyo kwa khutu langa.

Poti ambiri a ife tinakula ndi mpira wa miyendo, ndiyambe ndafotokoza masewerawa mwachidule. Bwalo lake ndi lotalika mayadi 100, ndipo yadi imodzi imaperewera pang'ono kukwana mita. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti iusunthe mayadi 10, pothamanga nawo kapena pouponya. Ikakwanitsa imalandira mipata ina inayi, mpaka ikafike kumapeto kwa bwalo n'kupeza touchdown, yomwe ndi mapointi 6. Ikalephera pa mpata wachinayi, adani amatenga mpira pomwepo pamene waimira. Nkhani yagona pamenepa. Ngati mwalephera katatu muli pafupi ndi khomo lanu, kuyesanso kachinayi n'kuputa tsoka, chifukwa mukalephera mwawasiyira adani mpira pakhomo penipeni. Choncho kochi amatulutsa quarterback, yemwe ndiye mwini filimu wa timu, n'kulowetsa munthu wotchedwa punter.

Punter amaima mayadi pafupifupi 15 kumbuyo kwa anzake. Mnzake amamuponyera mpira kudzera pakati pa miyendo, iye amauwakha, amaponda kawiri kapena katatu, amaugwetsa n'kuumenya usanafike pansi. Zonsezi ziyenera kutha m'masekondi ngati awiri, chifukwa amuna olemera makilogalamu oposa 100 amakhala akuthamangira kwa iye kuti autseke. Mpira wake si wobulungira ngati wathu. Ndi wosongoka mbali zonse ziwiri, moti ukaugwetsa mopendekeka pang'ono chabe umathawira kumbali. Ndipo cholinga si kumenya patali basi. Mpira uyenera kukhalitsa m'mwamba kuti anzako athamange akafike kwa wouwakha asanayambe kuthawa nawo. Uyeneranso kugwera pafupi ndi khomo la adani koma osalowa m'kati, chifukwa ukalowa adani amakayambira pa yadi ya 20, ndipo thukuta lako lapita pachabe.

Taganizirani moyo wa munthu wotere. Palibe wochemerera amene amakondwa akamuona akulowa, chifukwa kulowa kwake kumatanthauza kuti anzake alephera. Akachita bwino, wailesi yakanema imapita ku malonda, anthu amadzuka kukagula zakumwa. Akalakwitsa kamodzi, dzina lake limadziwika dziko lonse. Ulemu wake ndi kusatchulidwa.

William Ray Guy anabadwa pa 22 Disembala 1949 ku Swainsboro m'chigawo cha Georgia, ndipo anakulira m'tauni ya Thomson. Anaphunzira pa University of Southern Mississippi ku Hattiesburg. Amene amanena kuti punter si wamasewera weniweni ayambe aona zimene mnyamatayu ankachita kumeneko. Ankasewera ngati wotchinga kumbuyo, ndipo m'chaka cha 1972 chokha anawakha mipira 8 yoponyedwa ndi adani. Chaka chomwecho anamenya mpira umene unayenda mayadi 93 posewera ndi University of Mississippi, pafupifupi bwalo lonse. Ankaponyanso baseball mwaluso moti timu ya Cincinnati Reds inamusankha kuti akaisewerere. Sanakhale punter chifukwa chosowa kolowera. Anali ndi thupi lotha zambiri, ndipo mwendo wake unangoposa zonse.

Mu 1973, pa mwambo umene matimu a ligi ya NFL amasankhirana osewera ochokera m'makoleji, mwini wa Oakland Raiders, Al Davis, anachita chimene palibe anali atachitapo: anatenga punter m'ndime yoyamba, pa nambala 23. M'ndime imeneyi matimu amatengamo anthu amene akufuna kumangirapo tsogolo lawo. Davis, pamodzi ndi kochi wake John Madden, anaona kuti tsogolo likhoza kumangidwanso pa munthu amene amakankhira adani kutali. Guy anasewera zaka 14, masewero 207 otsatizana osajomba ngakhale amodzi. Anamenya mpira ka 1,049, ndipo adani anautseka katatu kokha. Anasankhidwa ka 7 kukasewera mu Pro Bowl, masewero a akatswiri okhaokha. Anapambana Super Bowl katatu, mu 1977, 1981 ndi 1984.

Chimene ankadziwika nacho ndi kutalika kwa mpira wake m'mwamba. Pa Pro Bowl ya mu Januwale 1976, m'bwalo lofoleredwa la Superdome ku New Orleans, mpira wake unakagunda sikirini imene inkalendewera mamita pafupifupi 27 pamwamba pa bwalo. Chaka chotsatira, a timu ya Houston Oilers anakayikira kuti mwina mipira yake inkapoperedwa mpweya wa helium, moti mpira umodzi unatumizidwa ku Rice University kukapimidwa. Anapeza mpweya wamba. Mawu akuti hang time, onena masekondi amene mpira umakhala m'mwamba, anafala m'nthawi yake, chifukwa anthu anafunika dzina la chinthu chimene ankachiona Lamulungu lililonse.

Koma masewero amene ndimawabwereza kwambiri pa foni ndi a pa 22 Januwale 1984 ku Tampa, pamene Raiders inagonjetsa Washington 38 kwa 9 mu Super Bowl. M'chigawo choyamba mnzake anamuponyera mpira wokwera kwambiri, woti ukanadutsa pamutu pake n'kukagwera kumbuyo, adani n'kuutola pafupi ndi khomo. Guy anadumpha, anaugwira ndi dzanja limodzi, anatera, n'kuumenya ngati palibe chachitika. Kenako chigawo chili pafupi kutha anamenya mpira waufupi dala, mayadi 27 okha, umene unasiya Washington pa yadi yawo ya 12 kutatsala masekondi 12. Atapanikizika pamenepo, quarterback wawo Joe Theismann anaponya mpira umene Jack Squirek anauwakha n'kuthamanga nawo mayadi 5 kulowa m'kati. Zigoli zinakhala 21 kwa 3, ndipo Washington sinadzukenso. Chithunzi chimene anthu amakumbukira ndi cha Squirek atakweza mpira m'mwamba. Sungani mayadi 27 amenewo m'mutu, tibwererako.

Tsopano tifike ku mlandu. Wosewera amayamba kuganiziridwa ku Hall of Fame pakatha zaka zisanu atapuma. Amene amavota ambiri ndi atolankhani a zamasewera, ndipo munthu amafunika mavoti 80 pa 100 alionse. Guy anafika m'ndime yomaliza ya masankhowa ka 7, kuyambira 1992 mpaka 2008, ndipo ka 7 konse anabwezedwa. Chimene chimandipsetsa mtima ndi ichi: mu 1994, pokondwerera zaka 75 za ligi, NFL inasankha timu ya osewera opambana m'mbiri yake yonse, ndipo punter wa timu imeneyo anali Ray Guy. Ndiye kuti masewerawa ananena poyera kuti uyu ndiye woposa onse pa ntchito yake, kenako n'kumusiya panja zaka zina 20. Sanakane kuti ndi katswiri. Anakana kuti ntchitoyo ndi ntchito. Anadzalowa kudzera pa khomo la komiti yoona za osewera akale, imene imatola amene anaiwalidwa, ndipo anali Madden amene anamuperekeza pa mwambowo mu Ogasiti 2014.

Amene anamukaniza anali ndi zifukwa zawo, ndipo sindizithawa. Choyamba n'chakuti punter amalowa m'bwalo kasanu kokha pa masewero, pamene anzake amagundana maulendo 60 kapena kuposa. Masamu ake ndi oona: mukagawa 1,049 ndi 207 mupeza kasanu. Koma ife okonda mpira wa miyendo tiyenera kukhala oyamba kukana maganizo amenewa. Goloboyi akhoza kugwira mpira katatu kokha m'mphindi 90, koma palibe wamisala amene anganene kuti timu isewere popanda iye, kapena kuti m'mbiri ya mpira tisatchulemo magoloboyi. Ntchito sitiiyeza ndi kuchuluka kwa maulendo. Timaiyeza ndi zimene zingaonongeke ikalakwika. Pa maulendo asanu amenewo Guy ankasuntha mpira mayadi oposa 200 pa masewero alionse. Ndikuvomera kuti mayadi opereka mpira kwa adani salingana ndi mayadi othamanga nawo. Koma yadi iliyonse imene anaikankhira kutali ndi yadi imene adani anayenera kuikhetsera thukuta pobwerera. Otchinga a Raiders ankatamandidwa poletsa adani kugoletsa, koma amene ankawatalikitsira bwalo anali wina. Nkhwangwa ikhulupirira mpini, koma mtengo ukagwa timatama nkhwangwa yokha.

Chifukwa chachiwiri n'champhamvu kuposa choyamba. Avereji ya Guy inali mayadi 42.4 pa kumenya kulikonse. Nambala imeneyi si yodabwitsa. Sammy Baugh anafika 51.4 m'chaka cha 1940, mbiri imene inakhala mpaka Ryan Stonehouse anaiphwanya mu 2022. Shane Lechler, amene anadzasewera mu Raiders yomweyo kuyambira 2000, anamaliza ndi 47.6. Punter wa lero amene angamalize chaka ndi 42.4 akhoza kuchotsedwa ntchito. Otsutsa ankanenanso kuti mipira ya Guy yambiri inkapitirira n'kulowa m'kati mwa khomo la adani, ndipo ankakumbutsa kuti mu Super Bowl yake yoyamba Fred McNeill wa Minnesota Vikings anamutsekera mpira pafupi ndi khomo. Zonsezi n'zoona. Sanali mngelo.

Koma bwererani ku mayadi 27 aja. M'buku la manambala, mpira umenewo unatsitsa avereji yake. M'bwalo, unathandiza kupambana chikho. Ngati muyeso wanu ukulanga munthu chifukwa chochita chinthu choyenera, vuto lili ndi muyesowo. Punter wongofuna avereji amamenya mpira wautali koma wotsika, umene umafika msanga kwa wouwakha anzake asanayandikire, ndipo wouwakhayo amabwerera nawo mayadi 20. Nambala ya punter imakongola, timu imalira. Guy ankagulitsa mayadi kuti agule masekondi, ndipo masekondiwo sankalembedwa m'buku la ligi. Ngakhale chiwerengero cha mipira yogwera m'kati mwa yadi ya 20 ya adani chinayamba kusungidwa mu 1976, kutanthauza kuti zaka zake zitatu zoyamba, zimene ziwiri mwa izo anatsogolera ligi yonse, sizili m'kaundula ameneyo.

Apa ndi pamene maphunziro anga, amene mnzanga amawaseka, amandithandiza. Chinthu choyamba chimene wophunzira mbiri amauzidwa n'chakuti zolembedwa zakale sizinagwe kumwamba. Panali munthu amene anasankha choti alembe ndi choti asiye. Mabuku a maboma amasunga misonkho, nkhondo ndi mayina a olamulira, koma sasunga dzina la amene ankabisa mbewu m'chaka cha njala kuti mudzi udzadzale mvula ikagwa. Wophunzira waulesi amatsegula bukulo n'kunena kuti munthuyo kunalibe. Wophunzira wabwino amafunsa kuti wolemba ankawerenga chiyani, ndipo ankawerengera ndani. Ovota a ku Canton anachita ngati wophunzira waulesi. Anatenga nambala imodzi imene inalipo, n'kuiyesa choonadi chonse, pomwe anthu amene anaimapo pansi pa mipira ya Guy kudikira kuti itsike anali amoyo ndipo akanatha kufunsidwa.

Chifukwa chachitatu ndi cha masiku ano, ndipo chimachokera kwa anzathu a zachuma. Mu 2006 David Romer wa ku University of California, Berkeley, anasindikiza kafukufuku woonetsa kuti makochi a NFL amamenya mpira kwa adani kawirikawiri kuposa mmene masamu amalolera, ndipo kuti nthawi zambiri zikanawapindulira kuyesa mpata wachinayi. Kochi wina wa sukulu ya sekondale ya Pulaski Academy ku Arkansas, Kevin Kelley, anatchuka posiyiratu pafupifupi kugwiritsa ntchito punter, ndipo anapambana zikho zingapo za m'chigawocho. Lero matimu a NFL amayesa mpata wachinayi kuposa kale. Ndiye wina akhoza kufunsa kuti tilemekezerenji munthu amene ntchito yake ndi chizindikiro cha mantha a kochi?

Ndikugwirizana ndi Romer, ndipo ndikuona kuti ali mbali yanga. Ngati kochi waitana punter pa nthawi yolakwika, wolakwa ndi kochi. Sitinganyoze ozimitsa moto chifukwa choti ena amawaitanira utsi wa mbaula. Komanso kuti Romer afike pa mfundo yake, anayenera kuyamba wawerengera phindu la kukhala ndi mpira pa malo alionse a bwalo. Anaonetsa kuti malo ali ndi mtengo, kuti kuyambira pa yadi ya 10 n'kosiyana ndi kuyambira pa yadi ya 30 ngakhale pa bolodi pasanasinthe kanthu. Katundu amene punter amagulitsa ndi ameneyo. Masamu amene ena akufuna kumuphera nawo ndi omwenso akutsimikiza kuti ntchito yake imalemera. Ndipo makochi akasiya kumuitana pa nthawi zosafunika, zotsala ndi nthawi zoopsa zokhazokha: timu ili pakhomo pake, mayadi otsala ndi ambiri, masewero ali pafupi kutha. Pamenepo ngakhale katswiri wa masamu amayang'ana ku benchi kufuna mwendo wodalirika.

Ndisanamizidwe. Sindikunena kuti punter azilandira malipiro ofanana ndi quarterback, kapena kuti Guy anali wofunika kuposa aliyense mu Raiders. Msika uli ndi malamulo ake, ndipo amene amagoletsa ndiye amadzaza bwalo. Koma Hall of Fame si msika. Imadzitcha yosunga mbiri ya masewerawa. Ngati malamulo a masewera amaika munthu m'bwalo, ngati timu iliyonse mwa 32 imamulemba ntchito chaka ndi chaka, ndiye kuti mbiri yopanda iye ndi yabodza. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1963, ndipo inatha zaka 50 ikufotokoza masewera amene sanaseweredwepo, masewera amene palibe timu imalephera katatu.

Munthu mmodzi amene anakwiya nazo poyera anali punter mnzake, Chris Kluwe wa Minnesota Vikings. Mu Disembala 2012 osewera ankavala chizindikiro chokondwerera zaka 50 za Hall of Fame pa malaya awo. Kluwe anachiphimba ndi kapepala kopempha kuti Ray Guy avoteredwe, ndipo ligi inamulipiritsa madola 5,250 chifukwa chophwanya malamulo a yunifolomu. Taonani changu chake. Kulanga munthu chifukwa cha kapepala kunatenga masiku ochepa. Kukonza chimene kapepalako kankanena kunali kutatenga kale zaka 20.

Ena amati chachikulu n'chakuti analowa, zinazo n'zakale. Amene amalankhula choncho sanadikirepo kanthu. Mu 2011 Guy anagwa m'mavuto a ngongole mpaka nkhani inafika ku khoti, ndipo mphete zake zitatu za Super Bowl zinagulitsidwa pa okushoni pa madola oposa 80,000. Sindikunena kuti ovota a ku Canton ndiwo anamugwetsa m'ngongole. Koma ku America dzina la Hall of Fame ndi ndalama: siginecha ya munthu imakwera mtengo, amaitanidwa kukalankhula, makampani amamufuna. Zaka 22 zimene akanakhala nalo dzinalo anazitha alibe. Al Davis, amene anamukhulupirira mu 1973, anamwalira mu Okutobala 2011 osaona tsikulo. Guy anavala jekete lagolide ali ndi zaka 64, ndipo anamwalira pa 3 Novembala 2022 ku Hattiesburg ali ndi zaka 72. Anasangalala nalo zaka zisanu ndi zitatu. Ulemu wochedwa sudula kanthu kwa woupereka. Amene amalipira ndi wodikira.

Ndipo musaganize kuti anaphunzirapo. Mpaka pamene ndikulemba izi, Guy ndi yekhayo amene analowa m'nyumbamo chifukwa cha ntchito ya punter yokha. Mu 2019, pokondwerera zaka 100, NFL inasankhanso timu ya opambana m'mbiri yonse, ndipo ma punter ake anali awiri: Guy ndi Lechler. Lechler ali panja. Poyamba ankati Guy alibe manambala. Uyu ali ndi manambala, ndipo khomo ndi lotsekabe. Zikuoneka kuti nkhani sinali manambala. Analowetsa mmodzi kuti anthu asiye phokoso, monga amachitira mabungwe ambiri akafuna kuoneka achilungamo osasintha kanthu. Chodabwitsa n'chakuti kuyambira 2000 mphoto ya punter wopambana m'makoleji imatchedwa Ray Guy Award, ndipo anyamata a ku Australia ngati Tom Hackett, Mitch Wishnowsky ndi Michael Dickson anawoloka nyanja n'kukaipata. Dzina lake linali pa chikho zaka 14 mwini wake asanaloledwe kulowa m'nyumba.

Mwina mukufunsa kuti wophunzira amene sanaponde ku Ohio zikumukhudza bwanji. Zikundikhudza chifukwa ndikuona ovota a ku Canton akuphunzitsidwa pakati pathu. Pa asainimenti ya pagulu, amene amaima kutsogolo n'kulankhula ndiye amakumbukiridwa. Amene anakhala mpaka usiku kuchotsa zolakwika, kugwirizanitsa ndime, ndi kuletsa gulu kupereka ntchito yokopera imene ikanatilepheretsa tonse, palibe amamutchula, chifukwa tsoka limene analiletsa silinachitike. Tikamalemba makalata ofunsira ntchito timalangizidwa kuika manambala: ndinakweza malonda mwakuti, ndinabweretsa anthu akuti. Palibe mzere wolembapo kuti ndinaona kuti tikulowera kuphompho ndipo ndinanena. Namwino amene wasamba m'manja ka 50 pa tsiku alibe chiwerengero cha odwala amene sanatenge matenda. Mphunzitsi amene wakambirana ndi makolo kuti mtsikana asasiye sukulu sapezeka pa mndandanda wa amene anakhozetsa bwino mayeso. Ndipo malume anga akandifunsa pa tchuthi kuti filosofi idzandigulira chiyani, amakhala akufunsa funso la mnzanga lija: wagoletsa?

Sindikupempha kuti mutimvere chisoni, ife a maphunziro amenewa kapena aliyense wogwira ntchito yosaoneka. Kuuzidwa kuti ntchito yako ndi yodalitsika si malipiro, ndipo Guy sakanawombola mphete zake ndi mawu otamanda. Chimene ndikupempha n'chovuta kuposa chisoni. Ambiri a inu amene mukuwerenga, zaka khumi zikubwerazi mudzakhala m'makomiti olemba anthu ntchito, okweza maudindo, opereka mphoto. Mudzapatsidwa fomu yokhala ndi mabokosi a manambala, ndipo mudzakhala otopa, ofuna kumaliza msanga. Tsiku limenelo mudzakumbukire kuti fomuyo inalembedwa ndi munthu, ndipo munthuyo anasankha choti awerenge. Mudzafunse kuti ndani anatsitsa avereji yake dala kuti gulu lipulumuke. Mudzafunse amene anagwira naye ntchito, akadali moyo. Ndipo mukamupeza, mudzamupatse chake chaka chomwecho, osati pamene tsitsi lachita imvi ndipo mphete zagulitsidwa.

Masiku angapo pambuyo pake ndinamuonetsa mnzanga uja kanema wa ku Tampa. Anaonera mpira wa mayadi 27, anaonera Squirek akulowa m'kati, n'kunena kuti wagoletsa ndi Squirek basi, nkhani yatha. Ndinamuuza kuti Squirek anathamanga mayadi 5 okha, ndipo adzifunse kuti anawaika adani pamenepo ndani. Kenako ndinamukumbutsa kuti iye akufuna kudzamanga milatho, ndipo mlatho umalowa m'nyuzipepala tsiku limene wakokoloka. Ukakhala zaka 50 osagwedezeka, anthu amangodutsapo akulankhula pa foni, osadziwa dzina la amene anawerengera zitsulo zake. Ndinamuuza kuti akamaliza digiri yake adzakhala punter, afune asafune. Sanayankhe. Anangondipempha chaja.